Mwanawe, palibe mankhwala oti ndingogona osadzukanso?

Tsiku lomwe aphungu a ku Britain ankavota zoti munthu wodwala mwakayakaya azithandizidwa kufa, ine ndinali pa shifiti ndikumwetsa agogo ena supu ndi kasipuni. Linali Lachisanu pa 29 Novembala 2024, kunja kukuzizira koti ngakhale wobadwira ku Dedza akhoza kupepesa. TV ya pabalaza la care home, nyumba yosamalira okalamba ndi odwala yomwe ndimagwirako, inali chiyatsire kuyambira m'mawa ndipo palibe anapempha kuti tisinthe tchanelo, ngakhale abambo aja amene tsiku lililonse amangofuna za mpikisano wa mahatchi. Chakumasana anawerenga mavoti, 330 avomera, 275 akana. Agogo ndinkawamwetsawo anangogwedeza mutu n'kutsegula pakamwa kudikira sipuni ina, koma ine dzanja linayamba kunjenjemera mpaka supu anatayikira pa thaulo. Ndinanamizira kukatenga thaulo lina, n'kukadzitsekera mu toileti kulira ngati kamwana.

Sindinkalirira azungu ayi. Ndinkalirira Amayi anga omwe anatisiya mu 2016 kumudzi kwathu ku Dowa, chifukwa funso lomwe anthu ovala masuti aja ankakangana nalo maola asanu athunthu, Amayi anandifunsa ine ndekha usiku, pamphasa, tochi itatsala pang'ono kutha mabatire.

Bilu yake anabwera nayo ndi phungu wa Labour dzina lake Kim Leadbeater, ndipo mwachidule imati munthu wamkulu wa ku England kapena Wales, wamutu wake bwinobwino, amene madokotala awiri atsimikiza kuti sapyola miyezi isanu ndi umodzi, akhoza kupempha mankhwala oti amwe yekha n'kumwalira. Mu Juni 2025 anavotanso, mavoti anayandikana kwambiri, 314 kwa 291, kenako inapita ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ya dzikoli. Kuno kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu wa zaka mpaka 14 kundende malinga ndi lamulo la 1961, n'chifukwa chake amene ali ndi ndalama akhala akukwera ndege kupita ku Switzerland, ku bungwe lothandiza anthu kufa la Dignitas lomwe linayamba mu 1998, kukafera kuchilendo. Anzanga a pa gulupu ya WhatsApp ya a Malawi okhala kuno atamva za votiyo nkhani inali imodzi basi, eti azungu apenga, eti masiku otsiriza, wina mpaka anaponya vesi la Usaphe ndi timitanda khumi. Ine sindinalembepo kanthu. Ndikanalemba chiyani?

Amayi anadwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda omwe akutha azimayi kwathu kuposa pafupifupi dziko lina lililonse. Anayamba ndi kutaya magazi koma anabisa chaka chathunthu, mukudziwa azimayi akale zinthu za kumusi sanena, ankangoti m'mimba mukupota. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala chachikulu zinali zitapita kale patali. Ndinakhala gadiyani milungu itatu, kugona pansi pa bedi, kuphika kukhitchini ya magadiyani utsi uli m'maso, kuchapa zitenje zamagazi mbandakucha anthu asanadzuke. Nthawi imeneyo makina owotcha khansa m'dziko lathu la Malawi munalibe, amwayi ankatumizidwa kunja, ku India kapena maiko oyandikana nafe, ndipo mndandanda wake unali wautali kuposa moyo wa Amayi. Tsiku lina adokotala achinyamata, aulemu wawo ndithu, anandiitanira pakhonde n'kunena mawu omwe mMalawi aliyense amene anadwazikapo amawadziwa: "Achemwali, apa palibenso chomwe tingachite, ndi bwino mupite nawo kunyumba." Anatipatsa panado ndi bufeni m'kapepala. Basi.

Mawu amenewo timawamva tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amaponya vesi pa WhatsApp. Pitani nawo kunyumba. Tonse timadziwa tanthauzo lake, kuti akafere kwawo, transipoti ya munthu wamoyo pa minibasi ndi yotchipa kusiyana ndi ya bokosi. Sindikuwada adokotala aja, m'manja mwawo munalibe kanthu. Koma tisamaname kuti ife nkhani yosankha kuti uyu afe liti ndipo afere kuti sitiidziwa. Timaidziwa bwino, kungoti kwathu amasankha ndi umphawi ndipo umasankha mwakachetechete.

Kumudzi ndi komwe ndinadziwa kuti ululu ndi chiyani. Masana Amayi ankayesetsa, amayi a Mvano akabwera kudzazonda ankadzuka n'kutsamira khoma, kuyimba nawo pang'ono, kuyankha kuti ayi lero ndiliko bwino. Koma dzuwa likangolowa ankabuula mpaka agalu a pamudzi ankayankhira, ankaluma chitenje kuti adzukulu awo asamve, ankakanda mphasa mpaka zikhadabo kuthyoka. Ndipo fungo, abale. Palibe amene amalankhula za fungo. Tinkayatsa makala, kufukiza masamba a bulugama, kutsegula zenera, koma Amayi ankadziwa, ankaona anthu odzazonda akukhala chapakhomo m'malo mokhala pafupi, ndipo ndikukhulupirira kuti chimenecho chinkawapweteka mofanana ndi chotupacho. Munthu amene moyo wake wonse ankasamba kawiri patsiku, wosesa bwalo nkhuku zisanatsike.

Usiku wina, mwina cha m'ma 2 koloko, anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi. "Mwanawe, iwe unapita kusukulu. Palibe mankhwala oti ndingogona osadzukanso?" Ndinati Amayi musayankhule choncho, Mulungu alipo. Anati "Ndikudziwa kuti alipo, ndiye ndikufuna ndipite kwa Iyeyo." Mawu amenewo ananena ndi mayi wa Mvano wa zaka zoposa makumi atatu, amene sanajombepo ku Lachinayi. M'mawa mwake ndinawauza achimwene, iwo osayankha kanthu anangolowa m'nyumba n'kutolera mankhwala onse a ku dimba kukawatsekera kwa aneba.

Papita zaka koma ndimadzifunsabe kuti chikhala kuti usiku umenewo ndinali ndi botolo la ku Switzerland m'manja, ndikanatani? Yankho loona limandichititsa mantha, moti sindinaliuzepo munthu.

Chomwe chinachitika n'choti patapita milungu itatu ya gehena imeneyo, msuweni wanga anamva kutchalitchi kuti pachipatala china cha mishoni pali anesi oyendera odwala matenda a mgonagona. Anabwera anesi amodzi pa njinga yamoto, chikwama kumbuyo. Sanayambe ndi mankhwala ayi, anayamba n'kukhala pamphasa pafupi penipeni ndi Amayi, osakwinya nkhope, n'kuwafunsa kuti "Mayi, pakupweteka pati, ndipo kupweteka kwake n'kotani, kobaya kapena kotentha?" Chiyambire kudwala palibe anali atawafunsapo funso limenelo. Kenako anatulutsa botolo la pulasitiki la mofini wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi kasirinji kopanda singano, n'kundiphunzitsa kuyeza, kuwathira m'kamwa maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe, usiku kuwonjezera monga anandilembera, komanso mapiritsi oti asadzimbidwe. Pa za fungo anandionetsa kuphwanya mapiritsi ena n'kuthira pachilonda. Usiku umenewo Amayi anagona. Ndinkangodzuka kukayika khutu pamphuno pawo chifukwa chete ameneyo ndinali nditamuiwala.

Anakhala milungu ina isanu ndi umodzi. Anadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, anakalipira achimwene chifukwa chosiya mbuzi kulowa m'munda wa aneba, anagawa zitenje zawo mmodzimmodzi kutchula dzina la wolandira, anaitanitsa mng'ono wawo amene sankayankhulana naye kwa zaka chifukwa cha malire a munda n'kukhala naye masana onse chitseko chotseka. Funso lija sanandifunsenso ngakhale kamodzi. Anamwalira Lamulungu m'mawa ali mtulo.

Koma pamaliro, pasiwa pomwepo, ndinamva manong'onong'o. Amalume, mlongo wawo wa Amayi, ankauza anthu kuti mankhwala aja ndi otsirizira anthu, kuti mwana wa kutauniyu watopa ndi kudwazika ndiye wangowamaliza. Anali atanena kale botolo litangofika kuti "iwe mwana, zimenezi amapatsa anthu oti afe, usamwetse mlongo wanga," ine n'kuwayankha mwaulemu kuti Amalume bwerani mudzagone kuno usiku umodzi wokha mumve nokha. Sanabwere. Tinakhala zaka osayankhulana bwinobwino, moni wa pamaliro basi.

Ndiye mukaona ndikukhala chete pa gulupu anthu akamaponya mavesi, n'chifukwa chakuti ine anandiyesapo wakupha, pomwe chomwe ndinachita ngakhale mipingo yolimba kwambiri pa nkhaniyi imachivomereza. Ambiri sadziwa zimenezi. Mpingo wa Katolika, womwe umakana kotheratu euthanasia, kutanthauza kumutsiriza wodwala dala kuti asavutikenso, ndipo Papa John Paul II analemba zolimba pa nkhaniyi mu 1995, umasiyanitsa zinthu zitatu zomwe ife timaziphatikiza. Kupha wodwala dala, ayi. Koma kusiya chithandizo chomwe chikungotalikitsa kuvutika popanda chiyembekezo, monga makina opumira kwa munthu amene akutsirizika, ndi kololedwa. Ndipo kupatsa munthu mankhwala amphamvu oletsa ululu, ngakhale zitakhala kuti angafupikitse masiku ake, bola cholinga chisakhale imfa, Papa Pius XII anavomereza kalekale mu 1957 poyankha madokotala. John Paul II mwiniwakeyo mu 2005 atafooka sanabwererenso kuchipatala, anamwalirira m'chipinda chake ku Vatican. Komanso anesi a palliative care, ntchito yochepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda osachiritsika, adzakuuzani kuti mofini woyezedwa bwino, wokwezedwa pang'onopang'ono, sapha munthu. Anthu amamuona ngati wakupha chifukwa amafika mochedwa, munthu atatsala kale madzi amodzi, ndiye akamwalira mawa lake mlandu umagwera botolo.

Ine ndinakulira mu CCAP ndipo mavesi ake ndimawadziwa pamtima. Yehova anapatsa, Yehova watenga, timayimba pamanda paliponse. Nkhani ya Sauli ija pa phiri la Giliboa, atalasidwa anapempha womunyamulira zida kuti amutsirize koma mnyamatayo anakana, ndipo Mwamaleki amene anabwera kwa Davide kudzadzitama kuti ndamutsiriza ndine chifukwa anandipempha yekha, Davide analamula kuti aphedwe. Abusa ambiri amaima pamenepo. Mnzanga wachisilamu wa ku Mangochi amene timagwira limodzi mashifiti ausiku amanena zofanana m'njira yake, kuti moyo si wako, anangokusungitsa, ndiye sungabweze katundu wa mwini tsiku lomwe wafuna iwe. Ndimazimva ndithu ndipo mbali yaikulu ya mtima wanga ili komweko. Koma Baibulo lomwelo pa Miyambo 31 limati wofuna kufa mupatseni chakumwa chaukali aiwale kusauka kwake, vesi limeneli sindinalimvepo paguwa ngakhale kamodzi, kaya abusa amaopa kuti madoda atengerapo mwayi.

Ndipo si onse a kolala amene ali mbali imodzi. Desmond Tutu, munthu woti palibe angamunene kuti sankadziwa Mulungu, analemba mu 2014 kuti akugwirizana ndi kuthandiza odwala otsirizika kufa mwaulemu, ndipo china chomwe chinamukhudza ndi momwe Nelson Mandela anamusungira masiku ake omaliza, andale kumakajambulitsa naye munthu asakuyankhula n'komwe. Mu 2016 atakwanitsa zaka 85 anabwerezanso kuti naye angafune atakhala ndi mwayi wosankha. George Carey amene anakhalapo Akibishopu wa Canterbury, mtsogoleri wa mpingo wa Anglican, anasintha maganizo chaka chomwecho cha 2014 n'kuyamba kuvomereza, pomwe Justin Welby amene anali pampandowo nthawi ya bilu ya Leadbeater ankakana, ati ndi njira yoterera, mukangoyamba ndi ochepa mudzapezeka mwatsegulira ambiri. Anthu a mpingo umodzi, Baibulo limodzi. Ku South Africa komweko kunali loya wina Robin Stransham-Ford, wodwala khansa, amene anapita kukhothi ku Pretoria mu 2015 kupempha kuti dokotala amuthandize kufa, jaji anavomera koma mwiniwake anali atamwalira maola awiri chigamulo chisanawerengedwe, ndipo khothi la apilo linadzachifafaniza mu 2016. Nkhani imeneyi ndikaiganiza ndimasowa kuti ndiseke kapena ndilire.

Za njira yoterera zija poyamba ndinkaziona ngati zongoopsezera, mpaka nditayamba kuwerenga za maiko omwe anayamba kale. Netherlands ndi Belgium anavomereza mu 2002. Belgium mu 2014 inachotsa malire a zaka moti ngakhale mwana akhoza kupempha. Ku Netherlands mu 2023 anthu oposa 9,000 anafa njira imeneyi, kupitirira anthu asanu pa 100 aliwonse omwalira chaka chimenecho. Canada inayamba mu 2016 ndi anthu okhawo amene imfa yawo inali pafupi, pofika 2021 inatsegulira ngakhale amene sakutsirizika bola akuvutika ndi matenda osachiritsika, ndipo mu 2023 chiwerengero chinapyola 15,000. Okonda lamuloli amayankha kuti onani ku Oregon ku America, anayamba mu 1997 ndipo malire a miyezi isanu ndi umodzi akadalipo mpaka lero, ndipo akunena zoona. Koma malipoti a boma la Oregon lomwelo ndi amene anandiimitsa mutu. Anthu akafunsidwa chifukwa chomwe akufunira kufa, ululu sukhala pamwamba ayi. Pamwamba pamakhala kulephera kudzichitira zinthu, kusasangalalanso ndi zomwe ankakonda, kutha kwa ulemu, ndipo pafupifupi theka amatchula zoti asanduka mtolo kwa abale.

Mtolo. Mawu amenewo ndimawamva sabata iliyonse pantchito. Pali agogo ena aakazi, ndimawapesa tsitsi m'mawa uliwonse, amawerengera pamaso panga ndalama zomwe care home imadya, zoposa mapaundi 1,000 pa sabata, ndipo kuno ukakhala ndi chuma choposa mapaundi 23,250 umalipira wekha mpaka nyumba kugulitsidwa. Amati "ndikudya nyumba ya ana anga, mwanangu, bola ndikanapita chaka chatha." Ana awo ndi anthu abwino, amabwera Lamulungu lililonse ndi maluwa, palibe anawauzapo kuti afe. Koma safunika kuuzidwa. Madokotala awiri aja adzafufuza ngati pali amene akukukakamiza, chabwino, nanga kukakamizidwa kochokera mumtima mwako momwe, kwa munthu wachikondi amene sakufuna kuvutitsa ana, adzakuyeza ndi chiyani? Nduna ya zaumoyo ya nthawi ya votiyo, Wes Streeting, inavota kukana pomwe bwana wake, nduna yaikulu ya nthawiyo Keir Starmer, anavomera, ndipo chifukwa chomwe inapereka n'chakuti chisamaliro cha odwala otsirizika sichinafike poti munthu anganene kuti wasankha mwaufulu. Taganizani, akunena zimenezo m'dziko lomwe Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala otsirizika, mu 1967, komwe ntchito yonse ya palliative care yamakono inayambira, komabe mahospice ambiri mpaka lero amadalira mashopu a kaunjika ndi zopereka za anthu.

Nanga kwathu? Apa ndiye ndilibe chikaiko ngakhale pang'ono, lamulo ngati limeneli litabwera ku Malawi lero lingakhale tsoka. Lipoti la 2017 la akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet linapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lonse limalandira mofini wosakwana 1 pa 100 wa yense amene amagawidwa. Munthu amene wapatsidwa panado pa khansa ukamufunsa ngati akufuna kufa adzati eya, ngati Amayi, ndipo iwe udzalemba kuti wasankha yekha. Komanso tisaiwale kuti ndife dziko lomwe agogo amaphedwa ndi adzukulu awo omwe powaganizira ufiti, ku Neno mu 2016 anapha okalamba anayi tsiku limodzi chifukwa mphenzi inapha mtsikana. Dziko lomwe mikangano ya minda ndi nyumba za masiye imayamba mwini wake akadapuma. Ndiye muwapatse anthu pepala lovomerezeka ndi boma? Ayi ndithu. Malamulo athu pano amati kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu waukulu, ndipo pamenepo asakhudzepo. Chomwe chimandinyansa ndi mbali inayo yoti munthu amene wayesa kudzipha n'kupulumuka amatengeredwa kupolisi m'malo mwa kuchipatala, zimenezo ndi nkhanza zopanda mutu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chomwe tikusowa si chachilendo, chilipo kale, kungoti n'chochepa. Uganda inayamba kusungunula mofini wa ufa m'madzi n'kuthira m'mabotolo wamba kuyambira 1993 pomwe Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, ndipo kenako analola anesi ophunzitsidwa kuti azilemba okha mankhwalawa osadikira dokotala, poti madokotala kumudzi kulibe. Ndi wotchipa zedi. Kwathu kuli Tiyanjane ku Queens ku Blantyre, kuli Ndi Moyo ku Salima yomwe anayambitsa nesi wa kwathu Lucy Finch, kuli bungwe la PACAM lomwe lakhala likuphunzitsa anthu za palliative care. Anthu amenewa amagwira ntchito ya Mulungu yeniyeni koma sindinamvepo mpingo ukupanga pepa sande yogulira njinga yamoto ya anesi oyendera odwala. Ya galimoto ya abusa ndiye ndaponyapo kangapo.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, kuti perekani mofini basi funso litha. Kwa Amayi linathadi. Koma chaka chatha tinali ndi bambo wina pa care home, anali mphunzitsi wa masamu, ankadwala motor neurone disease, matenda omwe amapha minyewa pang'onopang'ono mutu uli bwinobwino. Ululu wa thupi unali wochepa, mankhwala aliwonse analipo, bedi lamagetsi, anesi usana ndi usiku, mkazi wake pambali tsiku lililonse. Koma manja anasiya, miyendo inasiya, kumeza kunayamba kuvuta, malovu ankamutsamwa ndipo ankadziwa bwino lomwe, mwa masamu ake, kuti chotsatira ndi kupuma. Ankayankhula ndi kompyuta yoyendetsa ndi maso, chilembo chimodzichimodzi. Tsiku lina ndikumusintha thewera, ntchito yomwe ndimayesetsa kuigwira mwaulemu ndikucheza nkhani zina kuti munthu asachite manyazi, ndinamva kompyuta ija ikuyankhula kumbuyo kwanga ndi mawu ake achitsulo aja, kuti galu wanga atadwala chonchi ndinamuchitira chifundo. Ndinalibe vesi loti ndimupatse. Ndinangomaliza kumupukuta, kumudzoza mafuta, n'kumufunditsa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine amene ndimadzuka ndekha, kudzisambitsa ndekha, ndingamuuze chiyani munthu ameneyo za kupirira? Anamwalira patapita miyezi inayi, usiku womwe ine ndinali pa ofu, ndipo amene anali pa shifiti sanafune kundiuza momwe zinathera.

Ndiye mukandifunsa kuti uli mbali iti, ndikanakhala phungu tsiku lija ndikanavota kukana, chifukwa cha agogo owerengera ndalama aja ndi anzawo ambirimbiri amene sadzanena mokweza. Koma ndikanavota ndikudziwa kuti voti yangayo ikumusiya mphunzitsi uja akutsamwa, ndipo sindikanapita kunyumba ndikuyimba aleluya ngati ena a pa gulupu. Chimene sindingathenso kupirira ndi munthu amene sanagonepo usiku umodzi pambali pa wodwala khansa koma ali patsogolo kuweruza, wa mbali iliyonse, kaya woponya mavesi kaya wonena kuti ndi ufulu wa munthu basi ngati tikukamba zosankha mpunga kapena nsima.

Mwezi wathawu foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa ndikuchokera ku shifiti yausiku, nambala ya ku Malawi pa WhatsApp. Anali mwana wa Amalume. Akuti bambo ake akhala akuvutika pokodza kwa nthawi yaitali osanena, pano akuti ndi khansa ndipo yafika m'mafupa a msana, kuchipatala awauza kuti apite nawo kunyumba. Kumbuyo kwake ndinkamva kubuula, kubuula komwe kuja, ndinachita kuima pa siteji ya basi n'kugwira chitsulo. Kenako anati dikirani akufuna ayankhule nanu. Panapita kanthawi ndikungomva kupuma, ndiye mawu anabwera, ochepa, osafanana n'komwe ndi a munthu amene ankabangula pasiwa paja.

"Iwe mwana. Mankhwala aja unkamwetsa mayi ako aja. Amapezeka kuti?"

Ndinawauza kuti Amalume musadandaule, apezeka. Ndinamuuza mwana wawoyo kuti kukangocha akwere kabaza apite kuchipatala cha boma akafunse anesi a palliative care, atenge buku la kuchipatala la bambo ake, asabwereko chimanjamanja ngakhale amuuze kuti adikire mpaka madzulo, ndipo akalephera kumeneko ayese ku mishoni kuja. Ndinamutumizira ya transipoti ndili m'basi momwemo. Kasirinji kaja ndinamuuza kuti akayang'ane m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati m'nyumba ya Amayi, ndinakatsuka bwinobwino n'kukasunga mmenemo limodzi ndi khadi lawo la Mvano.